Mafuta a Masiku Atatu

Pamsewu pathu palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Tonse timangoti a Sizinaume. Ndi akalipentala, ndipo shedi yawo ili kuseri kwa nyumba yawo, yachinayi kuchokera pa saluni yanga. Ukawapatsa ntchito ya tebulo amaimaliza pa tsiku lomwe analonjeza, koma kuti tebulolo ulinyamule ndiye nkhani ina. Amalikhudza ndi kuseri kwa chala, n'kupukusa mutu. "Sizinaume. Mubwere mawa." Mawa lakelo ukabwera upeza apakanso vanishi wina. Anthu amadandaula koma amabwererabe, chifukwa mpando wa bambowa umakalamba pamodzi ndi mwini wake.

Ine ndine munthu waphuma, sindibisa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikutsuka ndi kuluka mitu ya anthu, ndipo munthu wochedwa amanditopetsa kuposa tsitsi lolimba. Choncho ine ndi a Sizinaume sitinali anthu oti n'kukhala pansi kucheza. Chomwe chinkatilumikiza ndi akazi awo, omwe tonse timawatchula kuti Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale.

Tsitsi la Aphunzitsi linali lodziwika msewu wonse. Lambiri, lofika m'mapewa ukalitambasula, la imvi zoyera mbee kutsogoloku, ndipo silinalawepo mankhwala owongolera. Kawiri pamwezi, Loweruka m'mawa, ankabwera kudzakhala pampando wapakona, iwo n'kumandikonza kayankhulidwe pamene ine ndikuwakonza mutu. Amuna awo ankawaperekeza mpaka pakhomo, koma osalowa. Ankati m'saluni mumanunkha tsitsi lopserera. Ankadikira panja pabenchi, chipewa pabondo, maola awiri athunthu. Tsiku lina ndinangomva gogogo, potuluka n'kupeza akukonza chitseko changa chomwe chinkakhula pansi, osandifunsa n'komwe.

Ana awo awiri anakula n'kupita kutali kokagwira ntchito. M'nyumbamo munatsala anthu awiri okha, wina wolankhula, wina womvetsera, ndipo aliyense ankaoneka wokhutira ndi gawo lake.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina Aphunzitsi anagwa akuyanika zovala, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako patatha milungu itatu, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafooka, pakamwa patapindika, mawu akutuluka limodzilimodzi movutikira. Ndinapita kukawaona kamodzi, ndinawapeza atavala duku, ndipo ndinalonjeza kuti ndibweranso kudzawakonza mutu. Ndiye mukudziwa malonjezo athu. Miyezi inayi inatha ine ndikudutsa pageti pawo tsiku ndi tsiku, ndikudziuza kuti ndilowa mawa. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Lachiwiri lina m'mawa, ndikusesa m'saluni, ndinaona munthu ataima pakhomo. Anali a Sizinaume, utuchi uli m'nsidze, chipewa chili m'manja. Anapukuta nsapato kawiri n'kulowa, koyamba chiyambire.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Amayi ali bwanji?" ndinafunsa.

"Tadzuka, mwanangu. Ndabwera ndi funso." Anatulutsa botolo m'thumba la ovolosi n'kuliika patebulo mosamala. Anali kondishina wofewetsa tsitsi yemwe Aphunzitsi ankamukonda. "Uyu amauma pakapita masiku angati?"

"Kuuma kotani, bambo?"

"M'mutu. Ndinapaka Lachisanu, koma mpaka lero akumatabe."

Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma nkhope yawo inali ya munthu amene wayenda mtunda wautali, chonsecho angodutsa nyumba zitatu. Ndinawakokera mpando.

"Alamu anga anabwera Lamulungu," anatero atakhala.

Alamu awowo ndi akulu awo a Aphunzitsi, nesi wopuma ntchito, mayi wosaseka ndi uve, ndipo amakhala m'tauni ina ya ulendo wa maola angapo. Atafika anavula mng'ono wawo duku, ndipo zomwe anaona sizinawasangalatse.

"Akuti abweranso Loweruka ndi galimoto," anapitiriza bambowo. "Adzawameta mpala, kenako adzawatenga kukakhala nawo kwawo. Akuti mwamuna amene walephera mutu sangathe thupi lonse."

"Nanga amayiwo akuti bwanji?"

"Akungolira." Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, mwanangu. Kupatula kuchipatala kuja, sitinakhalepo nyumba zosiyana."

Ndinasiya tsache, ndinalongedza shampu, chipeso cha mano akuluakulu ndi kachipewa ka pulasitiki, n'kutseka saluni.

Ndinkayembekeza kupeza nyumba ya mwamuna wosiyidwa yekha, mbale zitaunjikana, zovala zili pamipando. Ndinachita manyazi kachiwiri. Pakhoma lonse, kuchokera kuchipinda mpaka kubafa, anali atakhomerapo chogwirira cha thabwa, chosalala bwino, pa msinkhu weniweni wa dzanja lamanzere la Aphunzitsi. Mpando wawo anautalikitsa miyendo kuti asamavutike podzuka. Supuni anaiikira chigwiriro chonenepa. Zofunda zinali zoyera, zikhadabo zowengedwa, ndipo pathupi panalibe chilonda ndi chimodzi chomwe cha munthu wogona nthawi yaitali.

Aphunzitsi anali atakhala pafupi ndi windo. Atandiona anatembenuzira nkhope kukhoma, dzanja lamanzere litagwira duku mwamphamvu. Ndinagwada pambali pawo.

"Amayi, ndine. Mutu umenewu ndimaudziwa kuposa wanga. Ndiloleni ndione."

Panatenga nthawi kuti zala zija zimasuke. Nditachotsa dukulo, fungo la mafuta okhalitsa linandimenya kumaso. Tsitsi linali litamatana, lolemera, fumbi la utuchi litakakamira paliponse. Pansi pake khungu linali lofiira, mfundu itaunjikana, ndi timabala pomwe ankakanda. Kunkhongo, pomwe mutu umatsamira pilo, tsitsi linali litapotana n'kukhala chibulumwa cholimba, chachikulu ngati chikhatho changa.

"Bambo, mwakhala mukuchita chiyani?"

Anapita pawindo n'kutenga kachidutswa ka thabwa komwe ankalembapo ndi pensulo. Masiku onse anali pamenepo, mwadongosolo. Anaona kuti tsitsi la akazi awo likuuma ndi kuthothoka, ndiye anachita zomwe amachita ndi thabwa louma, kulimwetsa mafuta. Kupaka, kudikira masiku atatu kuti alowe, kupakanso, kudikiranso. Kondishina ankamuyesa wotsirizira ngati vanishi, wopaka pamwamba n'kumusiya pomwepo.

"Chinthu chikakhalitsa m'pamene chimalowerera," anatero, ndipo ankakhulupiriradi.

Apa pakamwa panga panandithawa. "Safunsa anadya phula, bambo. Saluni ili pompano, mukhoza kundiitana muli pageti. Miyezi inayi yonseyi osabwera kudzafunsa?"

"Nanunso mumadutsa pompa, mwanangu," anayankha motsitsa mawu, mosakalipa.

Zinali zoona. Ndinapinda manja a bulauzi kuti ndiyambe ntchito, koma anandiletsa.

"Ayi. Mukatsuka inu, Loweruka alamu adzafunsa kuti watsuka ndani. Komanso sabata yamawa mudzakhala ndi makasitomala anu. Inu muzinena, manja akhale anga."

Ndinawauza pang'onopang'ono, iwo akulemba kuseri kwa kathabwa kaja.

"Mafuta ndi theka la ola. Tsitsi likauma kwambiri, ola limodzi, basi. Mumapaka kutsitsiko, osati kuthira pakhungu ngati mukuthirira mbewu, kenako n'kuvindikira ndi kachipewa aka. Nthawi ikakwana mutsuke ndi shampu. Mukatero kondishina, mphindi zisanu. Mupese adakali m'mutu, kuyambira kunsonga kupita kumizu, kenako mutsukuluze mpaka madzi ayere."

"Mphindi zisanu?" Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. "Chinthu cha mphindi zisanu chingagwire ntchito yanji? Ngakhale guluu amafuna tsiku lathunthu."

"Thabwa silituluka thukuta, bambo. Mutu umatuluka thukuta, ndipo umatulutsanso mafuta akeake. Tsitsi likamwa n'kukhuta silimwanso. Otsalawo amangokhala pamwamba n'kumaitana fumbi ndi kuyabwa."

Analemba, koma ndinaona kuti zisanuzo anazilemba ndi dzanja lokayika.

Choyamba chinali kuchotsa zomwe zinali m'mutumo. Anafunditsa madzi, anabweretsa beseni ndi thaulo, anatunga madzi ndi kapu yaikulu, kenako anangoima. Kapu ili m'manja, madzi osathira.

"Thirani, bambo, azizira."

"Tsiku loyamba atangochoka kuchipatala ndinayesa," anatero, maso ali pabeseni. "Ndinawaweramitsa monga ndinkawaonera akuchitira okha. Madzi analowa m'mphuno, anatsamwa, maso anatembenuka. Ndinaganiza kuti ndawapha ndi manja angawa."

Kuyambira tsiku limenelo sanathirenso madzi m'mutu mwa akazi awo. Ankangopukuta ndi kansalu konyowa n'kuwonjezera mafuta. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti masiku atatu aja sanali nzeru za ukalipentala zokha. Munthuyu ankaopa madzi, ndipo mafuta ankamupatsa chifukwa chodikirira. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndinangowamvera chisoni.

"Kusaluni sitiweramitsa munthu," ndinatero. "Mutu umapita chagada, nkhope kumwamba, khosi limatsamira pomwe sinki inakumbika. Madzi safika kumphuno."

Zaka zonse zija akukhala pabenchi panja, sanaonepo zimenezi. Tinabwerera limodzi kusaluni, anayeza sinki yanga ndi tepi, anabwerera kukayeza khosi la akazi awo, n'kulowa m'shedi. Dzuwa lisanapendeke anatuluka ndi thabwa losemedwa pakati, lokutidwa ndi thaulo, lomangirira kumsana kwa mpando, beseni n'kukhala pansi pake. Anthu a pamsewu pathu sakhulupirira ndikawauza kuti sanalipake vanishi.

Madzi oyamba anawathira ndi dzanja limodzi, linalo litatchinga pamphumi pa Aphunzitsi. Madziwo anatsika akuda ngati otsukira mapoto. Aphunzitsi anatseka maso n'kupuma mpweya wautali, ndipo sanatsamwe. Tinatsuka kawiri tsiku limenelo. Lachitatu ndinati khungu lipume, asapake kalikonse, ndipo madzulo ake ndinapita kukanunkhiza kuti nditsimikize kuti andimvera.

Lachinayi linali tsiku la mafuta ndi kumasula. Atapaka n'kuwaveka kachipewa kaja, bambowo anayang'ana wotchi yapakhoma n'kuimirira. Anati m'theka la ola akhoza kupala mwendo umodzi wa tebulo. Asanaponde kawiri, Aphunzitsi anawagwira ovolosi ndi dzanja lamanzere, osaisiya. Anakhalanso pansi, manja ali pamaondo, osadziwa chochita nawo. Miyezi inayi ananyamula, anasambitsa, anadyetsa, anachapa, koma kukhala pansi ndi mkazi wawo popanda chogwira anali asanachitepo. Patapita kanthawi anayamba kuwafotokozera za kasitomala wina amene akufuna kabati ya magalasi mbali zonse, mpaka kumbuyo koyang'ana kukhoma. Aphunzitsi anaseka ndi theka la pakamwa. Ine ndinatuluka panja kukayankha foni yomwe sinalire.

Kumasula kunali kovuta. Zala za kalipentala n'zonenepa komanso zokhakhala, ndipo tsitsi linkakola m'ming'alu ya khungu lawo. Ankakoka mosadziwa, Aphunzitsi n'kumakwinya nkhope.

"Kunsonga, bambo, musayambire kumizu. Gwirani apa kaye kuti asamve kuwawa."

Koma pamenepa kuchedwa kwawo kuja, komwe kwanditopetsa zaka zonsezi, kunagwira ntchito yomwe phuma langa silikanaitha. Ine ndikanatopa pa ola limodzi n'kutenga sizasi. Iwo anakhala maola atatu, kamtolo kamodzikamodzi, osadandaula. Kutsogolo kunamasuka, m'mbali munamasuka, paliwombo panamasuka. Chinatsala chibulumwa cha kunkhongo chija.

Lachisanu tinachiyesanso ndi kondishina. Mphindi zisanu zitakwana anandiyang'ana mopempha.

"Tikamusiya mpaka mawa mwina chifewa."

"Sichifewa, bambo. Ngakhale mutamusiya mpaka chaka chamawa. Apa pafunika kudula."

Bambowo anazungulira mpando n'kunjuta kutsogolo kwa akazi awo.

"Amayi, kunkhongoku ndakuwononga. Akuti ndidule. Ndidule?"

Aphunzitsi anagwedeza mutu kuvomera. Ndinawapatsa sizasi yanga. Anayeza ndi zala kawiri, n'kudula pang'onopang'ono, pafupi ndi khungu. Tsitsi lapamwamba litatsitsidwa linabisa malowo, koma tonse atatu tinkadziwa kuti alipo.

Loweruka m'mawa galimoto inaima pageti. Ankayendetsa ndi mwana wa alamu aja, ndipo anatsala m'galimotomo injini ikulira. Mayi ake anatsika ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, cholongedzeramo zovala za mng'ono wawo. Ine ndinali nditakhala pakona ya chipinda, nditadzilumbirira kuti sinditsegula pakamwa.

Atapereka moni sanataye nthawi. Anasamba m'manja, anaima kumbuyo kwa mpando n'kuyamba kugawa tsitsilo ndi zala, mzere ndi mzere, akuyang'ana khungu. Timabala tinali titayamba kuuma. Anawerama n'kununkhiza. Kenako anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mwini nyumba.

"Watsuka ndani?"

"Ine, alamu."

"Tsukani ndione."

Anamangirira thabwa lawo lija kumpando, anagoneka khosi la akazi awo, n'kuyamba. Mafuta anati sapaka chifukwa anapaka dzana. Anatsuka ndi shampu, anapaka kondishina, anapesa maso ali pawotchi, ndipo mphindi zisanu zitakwana anatsukuluza mpaka madzi anayera. Palibe ngakhale dontho limodzi lomwe linafika kumphuno. Nesiyo ankangoyang'ana, manja atapinda pachifuwa. Pomwe bambowo ankapukuta ndi thaulo m'pamene nesiyo anaona kunkhongo kuja.

"Nanga apa?"

"Ndinadula ndine. Ndinachedwa kufunsa."

Mayiyo anakhala pabedi. Atalankhulanso, mawu awo sanali a ukali monga ndinkayembekezera.

"Alamu, musaganize kuti ndikudana nanu. Nyumba ino mwaikonza bwino, ndaona. Koma uyu ndi mng'ono wanga, ndinamubereka kumsana ine. Nanunso mwakula. Lero ndi mutu, mawa chidzakhala china chomwe simukuchidziwa, ndipo mudzakhalanso chete miyezi inayi. Ine ndidzamva bwanji ndili kutali?"

Mayiyo sankanama. Ndinaona kuti ntchito yonse ya masiku anayi ija ikhoza kupita pachabe.

Nesiyo anatembenukira kwa mng'ono wawo n'kumugwira dzanja.

"Iwe, nena wekha. Tizipita?"

M'chipindamo munangomveka injini ya galimoto panja. Milomo ya Aphunzitsi inayamba kugwedera, kufunafuna mawu. Palibe amene anawathandiza.

"A... amakoka," anatero pomaliza.

Bambowo anaweramitsa mutu, chipeso chili m'manja. Nesiyo anapuma mozama n'kutambasula dzanja kuti atenge chikwama. Koma Aphunzitsi anakweza chala cha kumanzere, kusonyeza kuti sanamalize, ndipo tonse tinadikiranso.

"Koma... aphunzira." Anameza malovu, thukuta lili pamphumi. "Ndi... ndiwaphunzitsa... ine."

Nesiyo anadzuka, anapita pawindo n'kuuza mwana wawo kuti azimitse galimoto. Pobwerera anavula nsapato n'kukankhira chikwama chija kunsi kwa bedi.

"Ndikhala sabata imodzi, alamu. Kanyamulidwe kanu ka wodwalayu ndinakaona Lamulungu, kadzakuthyolani msana. Pali zambiri zoti ndikuonetseni, ndipo muzifunsa."

"Ndizifunsa, alamu."

Bambowo anabwerera kumbuyo kwa mpando n'kuyambanso kupesa tsitsi lonyowalo. Misozi inkatsika m'masaya mwawo n'kumagwera pathaulo lomwe linali m'mapewa mwa akazi awo, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse awiri anali pa ntchito.